Azakhali Anga a mu Pati Thu

Lachiwiri lapitali mnzanga wa ku ofesi ananditumizira kachithunzi pa foni. Ndinali nditachedwa kumubwezera fayilo yake, ndiye pofuna kundiopseza mwanthabwala anatumiza nkhope ya mayi wachikulire, duku loyera kumutu, chala chili pamlomo, maso ali tong'o ngati akuona chinthu kuseri kwa msana wako. Pansi pake panali mawu aja amene aliyense wa msinkhu wathu amawadziwa: Khalani chete, ana akubwera. Mnzangayo ankaseka yekha pa desiki pake, kudikira kuti nanenso ndiseke. Sankadziwa kuti mayi ameneyo ndi azakhali anga, mlongo wawo wa bambo, ndiponso kuti mwezi uno chakwana chaka chiwayikireni m'manda kwathu ku Nathenje.

Sindinamuuze. Ndinangomupatsa fayilo yake. Koma kuyambira tsiku limenelo mtima wakhala ukundikankha kuti ndilembe za iwo, pakuti nkhope yawo ili m'mafoni a anthu osawerengeka, pamene ife amene tinkawadziwa tikunka tichepa.

Dzina lawo linali Esinati, koma ku Area 4 ankadziwika kuti a Nambewe, ndipo ana ankangoti Aticha. Anakwatiwa ndi dalaivala wa boma amene ankayendetsa mabwana a ku Capital Hill. Amuna awowo atamwalira anawasiyira nyumba ya zipinda zitatu, mtengo wa mapeyala, ndi galaja yopanda galimoto. Mwana sanawasiyire, Mulungu sanawapatse. Galaja ija anaipaka laimu, anakhometsa timabenchi, n'kutsegula sukulu yamkaka. Ine ndinakhala nawo zaka zanga zonse za ku sekondale ndi ku koleji, motero zambiri zimene ndikunenazi ndinaziona ndi maso anga.

Ndisaname, sanali munthu wofatsa. Amene amaganiza kuti mphunzitsi wa tiana ndi mayi womwetulira tsiku lonse sanakumane ndi azakhali. M'mawa ankayima pa geti kuyendera zikhadabo, ndipo zikapezeka zakuda wokalipiridwa sanali mwana ayi, koma amene wamubweretsa, kaya ndi wantchito wa m'nyumba kaya ndi bwana wa tayi wochokera ku Area 47. Ankadana ndi munthu wamkulu wopotoza lilime poyankhula ndi mwana. Ankati mwana si chitsiru, wangochedwa kufika. Tiyi ankamwa wopanda mkaka, wofinyiramo ndimu, ali chiyimire, chifukwa ankati mphunzitsi akangokhala pansi ana amadziwa ngakhale ali kuseri kwa khoma. Koma chimene chinkawakwiyitsa koposa chinali kuopseza mwana ndi bodza. Mayi akangonena kuti ukalira akuluma galu, kapena ndikuyitanira apolisi, azakhali ankamudula pakamwa pomwepo, anthu akuona.

Mdani wawo wa pamtima anali Che Amidu, telala wa nyumba yoyandikana nafe, amene ankasoka mayunifolomu a sukuluyo. Chiyambi cha teremu iliyonse kunkakhala nkhondo pa mpanda.

"Che Amidu, kodi mukusokera ana kapena zidole? Mwana akangodya kawiri diresi limeneli likana kulowa!"

"Amama, inu mumafuna ndizisoka matenti. Mwana azikokera nsalu pansi ngati mkwatibwi?"

Ankakangana za masingano ogwera m'bwalo lathu, za mapeyala ogwera m'bwalo lawo, za wailesi, za utsi. Komatu adzukulu onse a Che Amidu anadutsa m'galaja muja, ndipo tsiku la Idi mbale ya mpunga wa nyama inkawoloka mpanda womwewo. Azakhali ankadya mpaka kupukuta mbale, kenako pobweza n'kunena kuti mchere unachepa.

Za filimu imene munachokera kachithunzi kaja, mwina ena simunaionere. Panali mnyamata wina, Lameki, amene ali wamng'ono anaphunzira kwa azakhali. Atakula anagwira kamera, n'kumajambula maukwati ndi zinkhoswe, mpaka iye ndi anzake anapanga filimu yoopsa ya ana a mudzi wina amene anaukira akuluakulu awo. Inali yosalongosoka. Magazi anali a tomato, ana ankathamanga uku akukuwa, wina akuseka poonekera. M'mavidiyo sho anthu ankaionera kuti aseke. Koma Lameki sanagwe mphwayi. Anafuna gawo lachiwiri, loti ana aja afika m'tauni. Dzina lenileni la filimuyo anthu analiiwala kalekale. Aliyense amangoti Pati Thu, ngati kuti padziko pano palibenso filimu ina yokhala ndi gawo lachiwiri.

Anabwera Loweruka lina masana atanyamula shuga ndi buledi, n'kunjuta pakhonde.

"Aticha, ndabwera kudzapempha ana."

"Ana ndi mpiru kodi, woti n'kupempha pa mpanda?"

Anafotokoza zonse. Azakhali anati ayambe aona kaye gawo loyambalo. Tinaonera tonse atatu pabalaza, ndipo litatha anapukusa mutu.

"Iwe Lameki, sunalerepo mwana. Phokoso la ana siliopsa. Ana akamakuwa ine ndimamwa tiyi wanga mtima uli m'malo. Koma akangoti zii, ndimataya kapu n'kuthamanga, chifukwa ndadziwa kuti kwachitika kanthu. Ukufuna kuopseza anthu? Akhalitse chete anawo."

Lameki asanatuluke pa geti anali atawapempha kuti nawonso akhalemo, akhale mphunzitsi wolandira ana achilendowo m'tauni n'kumawatsogolera khomo ndi khomo. Ine ndinkadikira kuti amuthamangitsa ndi tsache. Koma iwo anangofunsa kuti, "Ndivale chiyani?"

Makolo anavomera mosavuta; ndani sangafune kuti mwana wake aoneke pa kanema? Ankajambula masiku a Loweruka, dzuwa lili pamutu: m'galaja, pa timilatho ta mitengo ta kumsika, ndiponso m'nyumba ina yaikulu ya ku Area 10 imene eni ake anabwereketsa. Lameki ankafuna kupaka anawo phulusa ndi makala. Azakhali anakana kwamtuwagalu. Anati ana awo sayenda ndi litsiro, kaya ndi m'filimu kaya ndi kumaloto. Choncho ana a mu Pati Thu ndi aukhondo, mayunifolomu osita, masokosi oyera, atandanda pamzere manja ali kumbuyo. Lameki amavomereza mpaka lero kuti zimene zimaimitsa anthu tsitsi m'filimu muja zinachokera kwa azakhali.

Pali pena pamene aliyense amakumbukira. Ana aimirira m'dziwe losambiramo louma, maluwa a jakaranda ali katakata kumapazi kwawo, onse akuyang'ana m'mwamba osaphethira, mwini nyumba akubwerera cham'mbuyo. Ine ndinalipo tsiku limenelo. Azakhali anaima kumbuyo kwa wojambula atakweza paketi ya mabisiketi, atalonjeza kuti wosaphethira alandira awiri. Maso amene anthu amati ndi aufiti aja anali maso a ana ofuna bisiketi. Patsogolo pa mzere panali Tadala, kamtsikana ka zaka zisanu ndi chimodzi, ka maso aakulu, kamene kankakonda mabisiketi kuposa anzake onse. Ndi iye yekha mwa anawo amene amayankhula m'filimu yonse, ndipo mawu ake ndi awiri okha: "Aphunzitsi, tabwera."

Filimu itatuluka inafala ngati moto wa chilimwe. Zimbale zake zinali mbwee kumsika, ku depoti, m'mavidiyo sho a ku Mchesi ndi ku Kawale, kenako inalowa m'mafoni. Azakhali akamadutsa, makondakitala ankakuwa kuti, "Aticha a mu Pati Thu!" Iwo ankachita tsinya ngati akwiya, koma ine ndinaona kuti duku loyera lija anayamba kulivala ngakhale popita kukagula tomato. Ananyadira. Munthu amene moyo wake wonse unathera pa kupukuta mamina a ana a eni, mwadzidzidzi tauni yonse inkamudziwa. Sindiwaweruza. Ndani akanakana?

Zaka zambiri pambuyo pake, tsitsi lawo litayera lonse, Lameki anabwera ndi galimoto kudzawatenga. Achinyamata ena a m'maofesi a ku City Centre anakonza zoonera Pati Thu pamodzi m'holo, ndipo ankafuna Aticha akhale mlendo wolemekezeka. Anazengereza, koma potsiriza anati, "Lute, tiye undiperekeze." Tinapeza holo yodzaza. Atsikana ena anamanga maduku oyera, anyamata anavala malaya okhala ndi nkhope ya azakhali pachifuwa. Ambiri mwa iwo anali makanda pamene filimuyo inkajambulidwa, koma ankaidziwa pamtima. Munthu wa pa kanema asanatsegule pakamwa, holo yonse inkatsogola kunena mawu ake, uku akuseka, uku akukuwa. Itatha, Lameki anawaimiritsa azakhali, ndipo anthu onse anaimirira kuomba m'manja. Mnyamata wina anafuula kuti, "Agogo, tanenani mawu aja!"

Azakhali analandira maikolofoni. Anayang'ana anthu aja kwa kanthawi, mpaka holo inati zii.

"Kodi alipo pano amene akudziwa kumene kuli mwana wa patsogolo uja?"

Anthu anaganiza kuti ndi mbali ya sewero. Wina chakumbuyo anayankha kuti, "Ali kumbuyo kwanuko!" ndipo onse anafa nacho chiseko. Azakhali anabweza maikolofoni ija, anandigwira mkono, tinatuluka. Lameki anatithamangira ndi makiyi a galimoto m'manja, koma iwo anati tikwera minibasi. Njira yonse mpaka ku Old Town anangofumbata chikwama chawo pamiyendo.

Kuti mulimve funso limenelo, ndiyenera kubwerera m'mbuyo.

Patatha miyezi ingapo filimu itatuluka, kamchimwene kake ka Tadala kanatentha thupi n'kumwalira. Kanali kakhanda. Pamaliro pomwepo, mbale wina wa bambo ake ananena mawu amene ena anali atayamba kale kunong'onezana pa mpopi: kuti kuyang'ana kwa Tadala m'filimu muja sikusewera, kuti mwana wabwinobwino sangayang'ane choncho. Mawuwo anagwera m'makutu a mayi wosweka mtima, wofuna kudziwa chifukwa chimene mwana wake wafera. Sabata lisanathe anamutengera Tadala kwa mneneri wina amene ankapemphereretsa anthu m'tenti kutsidya kwa mtsinje.

Amene anatiuza anali Che Amidu. Anaima pa mpanda masana, ndipo tsiku limenelo sanabwere ndi mkangano.

"Amama, valani nsapato. Mwana wanu uja amumeta mpala, ndipo kuyambira dzulo sanamupatse chakudya kapena madzi. Akuti mpaka aulule."

"Aulule chiyani?"

"Amene anamuphunzitsa."

Azakhali anathira madzi m'botolo, anaika m'chikwama, anamanga chitenje. Che Amidu anatseka makina awo, natsogola. Ine ndinatsatira.

M'tenti muja munali motentha ngati mu uvuni. Anthu anali thithithi, ena akuimba, ena angobwera kudzaonerera. Pakati, pa mkeka, panali Tadala. Popanda tsitsi maso aja ankaoneka aakulu koposa, milomo itachita ming'alu. Mneneri anali atawerama pa iye, akufunsa funso limodzi mobwerezabwereza.

"Ndani anakuphunzitsa? Nena, umasulidwe! Ndani anakuphunzitsa?"

Mwanayo anatukula mutu, ndipo anationa tikulowa. Nkhope yake inawala monga imachitira nkhope ya mwana wotayika akaona munthu womudziwa. Analoza chala.

"Aticha!"

Sindikudziwa ngati ankayankha funso kapena ankangowaitana. Anthu sanadikire kuti adziwe. Tenti yonse inabangula. Azakhali anapyola pakati pawo ngati akupyola m'munda wa chimanga, mpaka anafika pa mkeka.

"Akunena zoona," anatero, mawu awo a pa geti aja. "Ndinamuphunzitsa ndine. Ndinamuphunzitsa kuwerenga mpaka teni. Ndinamuphunzitsa kusamba m'manja akachoka kuchimbudzi. Ndinamuphunzitsa kuyang'ana bisiketi osaphethira, ndipo inu amayi ake munalipo, munkaseka. China chilichonse chimene anene pano mwamuika m'kamwa ndinu, ndi njala yanuyi."

Atatero anagwada, anatulutsa botolo lija, anatsegula, n'kumupatsira. Tadala anatambasula dzanja. Lisanafike pa botolo anacheukira mayi ake, ndipo zimene anaona pankhope pawo zinamuchititsa kubweza dzanjalo pang'onopang'ono n'kulibisa m'khwapa.

"Musamukhudze mwana wanga," anatero mayi aja. Sananene mokuwa ayi. "Mwanditengera mmodzi. Zakwana."

Wina anaponya mchenga. Kenako mwala unawagunda azakhali pamwamba pa diso, magazi n'kuyenderera pa bulauzi. Che Amidu, amene anali ataima pakhomo chifukwa sanali wa mpingo umenewo, analowa n'kuima pakati pa azakhali ndi anthu aja, manja atatambasula, nkhalamba yowonda ya tepi m'khosi.

"Ofuna kugenda ayambe ine! Mayi awa aphunzitsa adzukulu anga onse, ndipo onse ali moyo!"

Tinachita kuwakoka kuti atuluke. Madzulo omwewo tinakanena kwa oyang'anira za ana, koma pofika iwo m'mawa mwake mwanayo anali atamutumiza kumudzi kwa agogo ake, kupitirira Mitundu. Azakhali anapitako kawiri pa minibasi. Maulendo onse awiri anawabweza pakhomo, osamuona.

Chipsera cha mwala uja anakhala nacho mpaka imfa, ndipo ankachitchula mwanthabwala, ankati ndi satifiketi yawo. Za dzanja lija sankachita nazo nthabwala. Kangapo konse ndinawapeza ali okha pakhonde, tiyi atazizira, ndipo ndikafunsa ankangoti, "Mwana uja anali ndi ludzu, Lute."

Sukulu sinatsekedwe tsiku limodzi. Panalibe kholo limene linabwera kudzanena kuti ndinu mfiti. Anthu a m'tauni satero. Wina anati tikusamukira ku Area 25, wina anati tapeza sukulu yapafupi ndi kuntchito, wina anangosiya kubwera. Amene ankawakuwira mwachimwemwe pa msika anayamba kukokera ana awo kumbali azakhali akamadutsa. Pomaliza m'galaja munatsala adzukulu awiri a Che Amidu. Azakhali ankawayendera zikhadabo pa geti, kuwaimbitsa, kuwakalipira, ngati kuti mabenchi onse ndi odzaza. Awiriwo atapita ku pulayimale, anatseka chitseko cha galaja, kiyi n'kuponya m'kabati.

Bambo anga, amene ndi mkulu wa mpingo ndipo filimuyo anaikana kuyambira pachiyambi, anabwera kudzawatenga kuti akakhale kumudzi. Anakangana tsiku lathunthu.

"Mlongo, anthu akufuna kukuotcherani m'nyumba muno. Mukudikira chiyani?"

"Achimwene, ndikachoka ndiye kuti ndavomera. Ndipo mwana uja akadzabwera kudzandifuna, adzapeza ndani?"

"Munaziyamba dala. Munthu wamkulu, wa Mvano, kukachita masewera a mizimu!"

"Ndinachita masewera a ana. Mizimu munabwera nayo ndinu."

Bambo anabwerera okha, ndipo panapita zaka asanapondenso pakhomo paja.

Lameki naye anabwera, misozi ili m'maso, kunena kuti aletsa filimuyo. Azakhali anamufunsa kuti aichotsa m'mafoni angati. Sanamuimbe mlandu ngakhale tsiku limodzi. Chodabwitsa n'chakuti ngakhale anasiya kuionera, sankalola munthu kuinyoza. Wina akati inali filimu yachabechabe, ankamuyankha mwaukali kuti inali yabwino, ndipo vuto lake linali lomwelo. Ankati akanapanga yoipa ngati yoyamba ija, ya magazi a tomato, bwenzi anthu atangoseka n'kuiwala, Tadala n'kukula ngati ana ena onse. Ankati anaphunzitsa ana kukhala chete bwino kwambiri, koma anaiwala kuti oonera ndi akuluakulu, ndipo akuluakulu ndi amene sasiyanitsa sewero ndi zenizeni. Munthu amene moyo wake wonse ankaletsa akulu kuopseza ana, anathandiza kuti akulu aope mwana. Zomalizazi sananene ndi pakamwa pawo, koma ankazidziwa.

Azakhali anamuonanso Tadala kamodzi kokha. Panali patapita chaka kapena kuposerapo chichitikireni za m'holo zija. Tinalowa m'sitolo ina ya nsalu ku Old Town kukagula chitenje. Amene ankayeza nsalu anali mayi wachitsikana, wamtali, wovala wigi lofika m'maso. Maso a azakhali anali atayamba kuchita khungu, koma mtsikanayo atangofunsa kuti, "Mamita angati, mayi?" ndinamva dzanja lawo likundifinya mkono.

"Tadala?"

Sizasi inaima pakati pa nsalu. Mtsikanayo anayang'ana kumene kunali mwini sitolo, kenako anayankha motsitsa mawu, maso ali pa nsalu.

"Pano amanditchula dzina lina. Chonde."

"Uli bwanji, mwanawe?"

"Ndili bwino. Ndili pabanja, ndili ndi mwana wamkazi. Amuna anga sadziwa kuti ndine uja."

Anamaliza kudula, anapinda chitenje bwinobwino, anachiika m'jumbo. Popereka jumboyo anagwira ndi manja awiri, n'kupinda bondo pang'ono.

"Sindinakukwiyireni, Aticha. Madzi aja ndinkawafuna. Koma musabwerenso muno. Wina akakuonani ndi ine akumbukira."

Azakhali anagwedeza mutu. Tinatuluka. Pa khonde la sitolo ina anapempha kuti akhale pansi, munthu amene sankakhala pansi, ndipo analira ngati mwana, anthu akudutsa ndi akatundu awo. Atatonthola anandilumbiritsa kuti ndisadzauze munthu sitolo yake, ndiponso kuti ndisadzapiteko ngakhale iwo atamwalira. Lonjezo lawo anasunga. Tikamapita kumsika ankazungulira njira yaitali, ndi miyendo yawo yotupa ija, kuti asadutse pakhomo paja.

Anamwalira m'mawa wina m'chipatala, shuga atawafooketsa kwa nthawi yaitali. Mawu awo omaliza kwa ine anali odandaula kuti tiyi wa kuchipatala ndi madzi otsukira mbale. Ku Nathenje kunabwera Lameki, kunabwera ana a Che Amidu, amene bambo awo anali atatsogola kale, kunabweranso anthu ochepa akuluakulu, ena a matayi, amene ponena za iwo ankangoti Aticha. Bambo anga analira kuposa aliyense. Tadala sanabwere, ndipo ine sindinamutumizire uthenga. Mpaka lero sindikudziwa ngati ndinachita bwino kumvera.

Lamulungu lapitali ndinapita ku Area 4. M'nyumba muja muli anthu a lendi, ndipo galaja anaitenga wamalonda wina wa kumsika, amasungiramo matumba a mpunga ndi makatoni a sopo. Ananditsegulira. Mabenchi kulibe. Laimu anasuluka, pansi pali mbuu ndi fumbi la mpunga, ndipo mukununkha makoswe. Koma pakhoma la kumanzere, kuseri kwa matumba, padakali mzere wa misomali yofika m'chiuno mwanga, pamene ana ankakolowekapo zikwama zawo. Pamwamba pa msomali uliwonse pali kachithunzi kojambula ndi penti: nsomba, mpira, nkhuku, ambulera, nyenyezi, kuti mwana wosadziwa kuwerenga dzina lake adziwe malo ake. Tina tafufutika, tangotsala mthunzi.

Wamalondayo anati misomaliyo imamung'ambira matumba, ndipo ndi yotsika kwambiri moti munthu sangakolowekepo kanthu. Anafunsa ngati angaizule. Ndinamuuza kuti azule. Kenako, poona mmene ndinaimira, anafunsa ngati ndikufuna kusungako umodzi. Ndinayenda mzere wonsewo kuchokera ku nsomba mpaka ku nyenyezi, ndikuyesa kukumbukira kuti wa Tadala unali uti. Sindinathe. Munthu amene ankadziwa mwini wa msomali uliwonse anali mmodzi yekha.